Chiphaso ndili nacho, kodi ndingapete golide mumtsinje uliwonse?

Kadziwotche: Moni akuluakulu. Ndangoyamba kumene zosaka golide, mongosangalatsa mtima kumapeto kwa sabata, osati ngati ntchito. Ndikukhala ku Victoria, m'dziko la Australia. Mbale yopetera ndagula, kafosholo kalipo, chiphaso chosakira golide chotchedwa Miner's Right ndadula kale pa intaneti. Tsono funso langa: poti chiphaso chili m'thumba, ndingaime pamtsinje uliwonse umene wandisangalatsa n'kuyamba kupeta? Mnzanga wa kuntchito akuti inde, chiphasocho chimatsegula paliponse. Koma mwiniwakeyo sanagwirepo mbale chibadwire.

Amalume Fosholo: Takulandirani mphwanga. Mnzanuyo musamumvere, akuikani m'manja mwa apolisi masana dzuwa likuswa mtengo.

Musanatsike m'madzi pali mafunso atatu, ndipo lililonse lili ndi mwini wake woliyankha. Golide ali pansiyo ndi wa yani? Nthaka mwapondayo ndi ya yani? Nanga oyang'anira mtsinjewo kapena nkhalangoyo amalola chiyani? Chiphaso chanucho chayankha loyamba lokha. Ku Victoria golide yense ali m'nthaka ndi wa boma, ngakhale ali pansi pa famu ya munthu. Miner's Right ndi boma kukuuzani kuti chimene mwapeza ndi manja anu mwalamulo chikhale chanu. Sichikukupatsani mphamvu yodumpha mpanda wa mlimi. Famu ya munthu mumayamba mwagogoda n'kupempha, akakana mwabwerera. Malo amene kampani ili ndi layisensi ya mgodi, mumapemphanso kwa eni layisensiyo. M'nkhalango zambiri za boma mumaloledwa. M'mapaki osungira zachilengedwe, ambiri ndi oletsedwa, ena anapatula zigawo zochepa zimene amalola. Ndiye palinso mndandanda wa mitsinje imene anaitchula maina kuti m'menemo ayi, kaya muli ndi chiphaso kaya mulibe. Mndandanda umenewu anthu ongoyamba kumene sauwerenga, chonsecho ndi umene umagwiritsa ambiri.

Zida ndi zamanja zokha: mbale, fosholo, piki, sefa, detector (kachipangizo kofufuzira zitsulo m'nthaka). Zophulitsira ayi, makina okumbira ayi. Dzenje lililonse mwakumba mukwirire musanachoke. Mukaona zinthu zakale za anthu a mtundu wa Aboriginal, monga miyala yosemedwa, zisiyeni pomwepo.

Kadziwotche: Zikomo amalume. Ndiye kuti ndalama yanga ndangotaya? Ndimaganiza kuti ndagula ufulu.

Amalume Fosholo: Simunataye. Chimagwira ntchito zaka 10, ndipo ana osakwana zaka 18 akhoza kupeta nanu limodzi pa chiphaso chanu chomwecho bola muli nawo pafupi. Malo ololedwa alipo ambiri moti simungawamalize. Kungoti mapu muziyamba mwaona muli kunyumba, osati mutafika kale kumtsinje foni itasowa netiweki.

Wamakani: Ine zimenezi zimanditopetsa. Munthu ndi kambale kake ka pulasitiki, akutapa mchenga wosadzaza n'chidebe chomwe, ameneyo afunike chiphaso, mapu, mndandanda wa mitsinje, chilolezo cha mlimi? Mvula ikagwa usiku umodzi mtsinje umasuntha miyala yochuluka kuposa imene ife tonse pagulu pano tingasunthe moyo wathu wonse. Awa ndi malamulo ongofuna kudya ndalama za anthu basi.

Mayi a Mapasa: Achimwene a Wamakani, bwerani kuno ku New Zealand mtima wanu ukhale pansi. Kuno nakonso golide ndi wa boma, lamulo lake ndi Crown Minerals Act la 1991, koma anapatula malo angapo kuti aliyense akapete popanda chiphaso chilichonse. Ambiri ali ku chilumba cha kummwera, ku Otago ndi ku West Coast. Ife timapita ku mtsinje wa Arrow, pafupi ndi Arrowtown, ana amasewera ndi madzi, ine ndi bambo awo tili pa mbale. Lamulo ndi lakuti zida zikhale zopanda injini, ndipo muzikumba m'kati mwa mtsinje momwe madzi amayenda, osati kugumula gombe. Koma dziwani kuti malo aulerewo ali ndi malire ake. Mukapitirira malire mwalowa mwa eni ake amene analipira chilolezo, ndipo kumeneko nkhope zimasintha.

Wamakani: Mwaona nanga? Ndiye kuti n'zotheka popanda mapepala.

Mayi a Mapasa: N'zotheka pamalo amene akusonyezani. Si zofanana ndi zimene mukunena inu zoti paliponse.

Mwana wa Miyala: Ndilowererepo pang'ono, ine ndinaphunzira za miyala. A Wamakani akunena zoona pa chinthu chimodzi: mbale imodzi siingaononge mtsinje. Vuto ndi lakuti sipakhala mbale imodzi. Mbiri ikangomveka kuti pakuti papezeka kachidutswa, sabata yotsatira pamakhala magalimoto mzere. Ndipo munthu akapeta m'madzi osapeza kanthu, maso ake amapita kugombe, chifukwa m'gombemo ndi mmene muli miyala yakale imene mtsinje unasiya kalekale. Amayamba kufukula pansi pa mizu. Mtengo umene unkagwira gombelo ukagwa, madzi osefukira akabwera amanyamula dothi lonselo.

Chachiwiri ndi nsomba. Nsomba monga salmon ndi trout zimaikira mazira m'timiyala ta pansi pa mtsinje, ndipo mazirawo amafuna madzi oyera oyenda pakati pa timiyalato kuti apume. Madzi osefukira amabwera pa nyengo yake, nsombazo zinazolowera. Fosholo yanu imabwera Loweruka lililonse, siidziwa nyengo. Matope mukuvundula apa amakakhazikika kumunsi n'kukwirira mazira. N'chifukwa chake m'madera ambiri amatseka mitsinje ina miyezi imene nsomba zikuswana.

Wamakani: Chabwino, za gombe ndamva. Koma chiphaso cholipira chimateteza nsomba bwanji? Pepala limakwirira dzenje?

Amalume Fosholo: Apa ndiye mwandikumbutsa mbiri, ndipo mukanakhala ku Ballarat, tauni ya migodi kuno ku Victoria, mu 1854 mukanakhala mtsogoleri wa zipolowe inu. Nthawi imeneyo wokumba aliyense ankalipira paundi imodzi pamwezi, wapeza golide kaya sanapeze, ndipo apolisi ankayenda m'migodi kusaka opanda layisensi. Anthu anatopa nazo, anawotcha malayisensi awo, namanga linga pamalo otchedwa Eureka. Pa 3 December 1854 asilikali anathira nkhondo lingalo m'mamawa ndipo anthu anafa. Chaka chotsatira, 1855, boma linathetsa layisensi ija n'kubweretsa Miner's Right ya paundi imodzi pachaka, imene inkapatsanso mwini wake ufulu wovota. Ndiye kapepala kamene mphwanga Kadziwotche akudandaula nako aka, dzina lake linachokera kumeneko. Sikateteza nsomba, inde. Ntchito yake ndi yakuti mukatola chinthu chachikulu pasapezeke wokuuzani kuti mwaba katundu wa boma.

Kadziwotche: Eee, sindinkadziwa kuti kali ndi mbiri yotere. Chinthu chachikulucho chimapezekadi amalume, kapena ndi nthano zokopera anthu kugula ma detector?

Amalume Fosholo: Chinapezekapo. Mu 1869 ku Moliagul, John Deason ndi Richard Oates anafukula chibuma chotchedwa Welcome Stranger pafupi ndi mizu ya mtengo, pansi pang'ono chabe, golide wolemera pafupifupi makilogalamu 72. Mu 1980 Kevin Hillier anapeza golide wina wotchedwa Hand of Faith ndi detector ku Kingower, makilogalamu 27, ndipo lero ali ku Las Vegas. Zonsezi ndi ku Victoria konkuno. Koma inu muziyembekezera timadontho tonga mutu wa singano pansi pa mbale. Amene amapita kukasaka kuti alipire lendi amabwerako ndi ngongole ya petulo.

Namzeze: Inu a ku Australia ndi New Zealand muli pabwino, musamadandaule. Kuno ku Britain golide ndi siliva ndi za mfumu kuyambira kalekale, mlandu wotchuka umene unakhazikitsa zimenezi ku England ndi wa 1568. Mwini famu akhoza kukulolani kulowa m'munda mwake, koma golideyo si wake woti angakupatseni. Ndiye mumakhala ndi chilolezo choima pamtsinje koma mulibe chilolezo chotenga chimene mwaona. Ku Wales, kumene kunachokera golide wa mphete za maukwati a banja lachifumu, kudera la Dolgellau, amaletsa kwambiri. Ambiri timakwera kupita ku Scotland, ku Wanlockhead, kumene umagula chilolezo ndipo amakuuza timitsinje toyenera kupetamo.

Pa ichi chokha ndikugwirizana ndi a Wamakani. Kuletsa kugumula gombe ndikumvetsa. Koma kunena kuti kadontho kosaoneka bwino n'komwe kali m'botolo la mwana wasukulu ndi chuma cha mfumu, pamenepo ine mutu umandizungulira.

Wamakani: Zikomo achemwali. Ndapeza mnzanga tsopano.

Namzeze: Mnzanu pa theka lokha, musasangalale kwambiri.

Kadzidzi: Pepani ndachedwa, kuno kunali usiku. Za ku America ndi zosiyana ndi zonsezi, ndipo ndi kumene mlendo amasokonezeka kwambiri chifukwa kulibe chiphaso chimodzi cha dziko lonse. Kumadzulo kuli malo aakulu a boma oyang'aniridwa ndi nthambi za boma za Bureau of Land Management (BLM) ndi Forest Service. Ambiri mwa malo amenewo ukhoza kupeta ndi mbale popanda pepala. Koma pali lamulo la 1872 limene likugwirabe ntchito mpaka lero, lolola nzika kutenga chigawo cha malo a bomawo n'kulembetsa kuti miyala ya mtengo wapatali ya pamenepo ndi yake. Amati claim. Ya m'mitsinje, munthu mmodzi amatenga mpaka maekala 20.

Tsono taonani msampha wake. Malowo amakhalabe a boma. Ukhoza kudutsapo, kuwedza, kujambula zithunzi, palibe angakufunse. Koma ukangotapa mchenga n'kuika m'mbale, ukutenga katundu wa mwini claim, ndipo ndi mlandu wa kuba. Nthawi zina pamakhala chikwangwani pamtengo kapena mtengo wozikidwa pangodya, nthawi zina chinagwa zaka zapitazo. Kusaona chikwangwani si chodzitetezera. Umayenera kufufuza m'kaundula wa BLM ndi wa ku ofesi ya boma la deralo (county). Ine ndinakumanapo ndi mkulu wina kumtsinje amene sanafune n'komwe kumva moni wanga, anangoloza kapepala kofufuma kokhomedwa pamtengo kuseri kwa tchire, galu wake akundiyang'ana. Mwamwayi mbale inali idakali m'chikwama.

M'mapaki akuluakulu a dziko ndiye osayerekeza, ngakhale kutola mwala amaletsa. Amene safuna mutu kuwawa amalowa makalabu a osaka golide, amene ali ndi ma claim awo ndipo mamembala amapetamo momasuka.

Kadziwotche: Nanga ku California kumene kunayambira zonse kuja, amalola?

Kadzidzi: Ku Coloma, pamene James Marshall anaona golide mu January 1848 pa American River, lero ndi paki ya boma la California, ndipo pali chigawo cha mtsinje chimene amalola kupeta. Koma ndi manja ndi mbale basi, fosholo ayi. Ndipo kuyambira 2009 California inaimitsa ma suction dredge, makina aja a injini okhala ndi payipi yaikulu yoyamwa miyala pansi pa mtsinje. Anthu a makinawo anakalipa, nkhani inafika m'makhoti, koma mpaka pano sawalola.

Wamakani: Ndiye mwaona mmene zimayambira? Lero aletsa makina, mawa fosholo, mkuja mbale. Kenako adzati musayang'ane mtsinje.

Mwana wa Miyala: Za makinawo pali chifukwa china chimene sichinatchulidwe. Okumba a m'zaka za m'ma 1800 ankathira mercury, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni, m'ngalande zawo kuti agwire golide wosalala, ndipo wochuluka zedi anatayikira m'mitsinje ya ku Sierra Nevada. Adakali pansipo mpaka lero. Payipi ikayamwa, imamuswa kukhala timadontho ting'onoting'ono n'kumumwaza m'madzi, tizilombo ta m'matope timamusandutsa mtundu wina woopsa kwambiri umene umalowa m'nsomba, kenako mwa munthu wodya nsombazo. Eni makina amati iwo amachotsako mercury wina akamayamwa, ndipo n'zoona amagwirako, koma amene wapulumuka ndi amene amavuta.

Ndipo poti tafika pamenepa, a Kadziwotche, tsiku lina wina adzakuuzani kuti gulani mercury pang'ono kuti musataye golide wosalala. Mukaneni. Kuti golide atsale yekha amawotcha chosakanizacho, nthunzi yake siioneka, siinunkha, koma imaononga ubongo ndi impso, ndipo imakakamira m'makoma a chipinda. Ana ndi amayi oyembekezera ndi amene amavulala msanga. Mayiko anachita kusainirana pangano la Minamata mu 2013 chifukwa cha chinthu chimenechi. Wosaka mongosangalala alibe chifukwa chochigwirira ngakhale pang'ono. Mukapeza golide wooneka wotuwa ngati wapakidwa siliva pamalo a migodi yakale, ameneyo wakutidwa ndi mercury, muikeni m'botolo la madzi lotseka bwino, musamuwotche.

Kadziwotche: Ndamva, mercury ayi. Tsono popeza akatswiri mwasonkhana, ndiphunzitseniko kapetedwe. Ndayesera kuseri kwa nyumba ndi mchenga wa m'beseni, zonse zikungotayika.

Mayi a Mapasa: Mukuthamanga, ndi matenda a aliyense woyamba. Dzazani mbale osafika pakamwa, imizeni yonse m'madzi, fikisani ndi zala mpaka dongo lonse lisungunuke, chifukwa kachibuma ka dongo kamatha kutuluka ndi golide m'mimba. Miyala ikuluikulu itsukireni m'mbale momwemo musanaitaye. Kenako gwedezani mbale uku ndi uku mwamphamvu ili m'madzi, mchenga wonse uchite kuyandama. Apa ndi pamene golide amatsika pansi. Mukatero pendeketsani pang'ono mbali imene mbaleyo ili ndi mizere, muziviika ndi kutulutsa pang'onopang'ono, madzi okha azinyambita mchenga wa pamwamba. Mukachotsa pang'ono, wongolani mbale, gwedezaninso. Anthu amaiwala kubwereza kugwedezaku. Pomaliza mutsala ndi supuni imodzi kapena ziwiri za mchenga wakuda. Siyani madzi pang'ono, zunguzani mofatsa, mchenga wakudawo uyamba kusuntha, ndipo ngati mwayi ulipo muona kachikasu katakhala phee pangodya, kosafuna kusuntha ndi anzake.

Poyeserera ponyanimo tizidutswa ta mtovu towerengeka, monga tija ta pa mbedza. Mukamaliza tonse tikadalimo, dzanja lakhwima. Mtovu ndi wopepuka kuposa golide, ndiye ngati sukuthawa, golide sangathawe. Koma zimenezi m'beseni kunyumba, osati kukataya mtovu kumtsinje.

Mwana wa Miyala: Manambala ake ndi awa: golide amalemera kuwirikiza ka 19 kuposa madzi, mtovu ka 11, mchenga wakuda uja pafupifupi ka 5, mchenga wamba sufika n'katatu komwe. Nzeru yonse ya mbale yagona pamenepo. Ndi chifukwa chomwecho mumtsinje golide amagwa pamene madzi afooka: m'kati mwa pokhota, kuseri kwa mwala waukulu, ndipo koposa zonse m'ming'alu ya thanthwe la pansi. Supuni yakale ndi kachitsulo kokokera m'ming'alu zimapeza zambiri kuposa fosholo yaikulu. Mchenga wakuda wambiri umakokedwa ndi maginito, ikani maginitoyo m'kapepala ka pulasitiki kuti musavutike kuuchotsa.

Ndipo musadzatitumizire chithunzi usiku mukukuwa musanayese izi: kanikizani ndi nsonga ya singano. Golide amabonyoka kapena kuphwatalala. Pyrite, mwala wonamiza wooneka ngati golide, amaphwanyika kukhala ufa wakuda. Mica, mwala wina wonamiza, imanyezimira padzuwa, mukaiphimba ndi dzanja imazima, ndipo m'madzi imauluka. Golide mumthunzi amakhalabe wachikasu.

Amalume Fosholo: Kuwonjezera apo, nkhalango za kuno zadzaza maenje a migodi yakale, ena ophimbika ndi masamba ndi nthambi zowola. Muziyang'ana poponda, makamaka mukavala zomvera m'makutu za detector. M'ngalande zakale za pansi musalowe, mpweya wake umatha kukugwetsani musanadziwe. Ndipo muziuza munthu kumene mwapita.

Kadziwotche: Ndabwerako ku mapu. Kamtsinje kamene ndinkafuna kaja, mbali ya kumtunda ili m'paki, si chigawo chololedwa. Mbali ya kumunsi ikudutsa m'famu ya nkhosa. Pakati pali kachidutswa ka nkhalango ya boma koma msewu wofikira pamenepo ukudzera m'famu momwemo. Ndiye zonse zagona pa mlimiyo. Ndikamuyambe bwanji? Ndikuopa kuti akangomva mawu oti golide aganiza kuti ndikubwera ndi thirakitala.

Amalume Fosholo: Pitani nokha, masana, osati gulu. Mbale ndi kafosholo munyamule m'manja aone kukula kwa zida zanu. Muuzeni tsiku, malo enieni, ndi nthawi imene mutuluke. Alimi chimene amadana nacho si golide, ndi zipata zosiyidwa zotsegula, maenje othyola miyendo ya ziweto, agalu, ndi moto m'chilimwe. Mutchule zimenezi inuyo iye asanazitchule. Akavomera, akupatseni kamzere kolemba, ngakhale uthenga wa pafoni, chifukwa mawa mukhoza kukumana ndi mwana wake amene sakudziwa kanthu. Ndipo chilolezo chanu si cha anzanu a kuntchito, makamaka uja wa chiphaso chotsegula paliponse.

Wamakani: Nanga akatola chibuma cha makilogalamu 27 m'famu mwa mkuluyo, ndi cha yani? Boma lati ndi cha wa chiphaso, mlimi ati ndi m'munda mwanga.

Amalume Fosholo: N'chifukwa chake zimenezo mumakambirana pachipata, m'thumba mulibe kanthu. Ena amagwirizana zogawana pakati, ena mlimi amangoti mudzandionetse chimene mwapeza. Chilichonse mwapangana chilowe m'kauthenga komweko.

Namzeze: Kuno funso limenelo silivuta n'komwe, a Wamakani. Nonse awiri mwaluza, ndi cha mfumu.

Kadziwotche: Ndipita Loweruka m'mawa kukagogoda. Amayi a Mapasa, mbale yanga ndi yakuda, ndaona ena ali ndi zobiriwira ndi zabuluu. Ndisinthe?

Mayi a Mapasa: Yakuda imabisa mchenga wakuda, yobiriwira kapena yabuluu imaonetsa zonse ziwiri, koma musathamangire kugula ina. Imene muli nayoyo itsukeni ndi sopo wa mbale, muikwecheko ndi mchenga kuti mafuta a kufakitale achoke, apo ayi golide wosalala aziyandama n'kutuluka ndi madzi. Ndipo mugule kabotolo kofinya koyamwira timadontho, zala zonyowa sizitola kanthu.